Mboni zinayi za m'kati mwa injini

Kwa miyezi ingapo galimoto yanga inali ndi khalidwe limene linkandisowetsa mtendere. Ndikailiza m'mamawa itagona usiku wonse, injini inkanjenjemera ngati munthu wodwala malungo, kulira kwake kunkamveka kotsimphina, koma pakangopita masekondi 20 kapena 30 zonse zinkakhazikika ndipo inkayenda tsiku lonse ngati palibe chimene chachitika. Ndinapita nayo kawiri kwa amakaniki, ndipo maulendo onse awiri mankhwala ake anali amodzimodzi: kumasula mapulagi anayi, kuwaponya m'chitini cha zinyalala, n'kumangamo atsopano. Ulendo woyamba vutolo linabisala kwa milungu iwiri, ulendo wachiwiri sipanathe n'komwe masiku asanu lisanabwerere. Chimene chimandiwawa ndikakumbukira n'chakuti mapulagi 8 amene anatayidwawo anali ndi yankho lonse pansonga pawo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe, ine kapena amene ankagwira sipanala, amene anadekha kuti awayang'anitsitse.

Ndinapirira nalo vutolo miyezi ina iwiri, kenako ndinakapeza amakaniki ena achikulire, osakonda kulankhula zambiri. Atamva dandaulo langa sanathamangire kutsegula boneti. Anandiuza kuti galimotoyo igone pomwepo ndipo ndibwere m'mawa isanalizidwe. Nditafika anang'amba kachidutswa ka katoni, anabowolapo mabowo anayi, n'kulemba manambala 1, 2, 3 ndi 4 pambali pa mabowowo. Asanamasule pulagi iliyonse ankayamba auzira mpweya m'dzenje limene pulagiyo imakhalamo kuti mchenga usagwere m'silinda, ndipo iliyonse ikatuluka ankaizika pabowo la nambala yake, nsonga itayang'ana kumwamba. Atamaliza anatuluka nako kakatoniko padzuwa n'kundiitana. "Bambo, tayang'anani apa mundiuze, wodwala ndi uti?" Ndinaloza mapulagi atatu amene anali otuwa mopita ku bulawuni, chifukwa ya nambala 3 inali yoyera mbee, yowala ngati yangotuluka kumene m'bokosi. Iwo anangomwetulira n'kunena kuti, "Atatuwo ali bwino. Wodwala ndi wokongolayo."

Kuti mumvetse chifukwa chimene kachitsulo kochepa chotere kangadziwire zambiri, ganizirani malo amene kamakhala. Ntchito yonse ya injini ya petulo imachitikira m'chipinda chotsekeka chimene diso silionamo: pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, imakwera n'kuupanikiza, moto umayaka n'kuikankhira pansi, kenako imakweranso n'kutulutsa utsi. Woyatsa motowo ndi pulagi. Batire limapereka mavolti 12 okha, koma koyilo imawakweza kufika pa 20,000 kapena kuposa pamenepo, mpaka magetsiwo amadumpha kampata kamene pa magalimoto ambiri kamakhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 1.1. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, pulagi iliyonse imayatsa moto maulendo 1,500, kutanthauza maulendo 25 pa sekondi iliyonse. Nzeru yake ndi yakale ndithu. Étienne Lenoir ankayatsa kale injini yake ya gasi ndi kambaliwali ka magetsi mu 1860, ndipo mu 1902 Gottlob Honold, amene ankagwira ntchito kwa Robert Bosch ku Stuttgart, anapanga njira ya magetsi amphamvu imene inachititsa kuti pulagi ikhale yodalirika pa injini zothamanga. Pa zipangizo zonse zimene mitu yake imakhala m'kati mwa moto, pulagi ndi imene munthu angaitulutse mosavuta ndi sipanala imodzi n'kuifunsa zimene yaona. Eni magalimoto a dizilo nkhaniyi sikuwakhudza, chifukwa dizilo amayaka yekha ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa.

Poyang'ana pulagi, maso amapita pa zinthu zitatu zimene zili kunsonga yolowa m'silinda: mphuno yoyera ya seramiki, kachitsulo ka pakati kamene kamatulukira m'mphunomo, ndi kachitsulo kopindika kochokera m'mbali kamene kamaweramira pamwamba pake. Pulagi ya m'silinda yathanzi imakhala youma, mphuno yake imakhala yotuwa kapena yabulawuni wosawirira ngati mtundu wa katoni, ndipo tizitsulo take timakhala tisanaperepeseke m'mphepete. Mtundu umenewu umabwera chifukwa cha kutentha koyenera. Opanga mapulagi amafuna kuti nsonga izigwira ntchito itatentha pakati pa madigiri pafupifupi 500 ndi 800. Ikafika pamenepo imapsereza yokha mwaye umene umafuna kumatirira, ikalephera kufikapo mwayewo umaunjikana, ndipo ikapitirira kwambiri imasanduka khala la moto limene limayatsa petulo nthawi yake isanakwane. Pafupifupi zonse zimene munthu amawerenga papulagi zimachokera pa mafunso awiri okha: kodi nsongayi ikutentha moyenera, nanga m'silindamu mukulowa chinthu chimene sichiyenera kulowamo?

Chimene chimaoneka kawirikawiri ndi mwaye wakuda, wouma, wofewa, umene umatsalira pachala mukaukhudza. Ameneyu ndi petulo amene sanapse yense. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7, ndipo mpweya ukachepa kapena petulo akachuluka, wotsalayo amasanduka mwaye. Apa m'pamene kakatoni ka manambala kaja kamaonetsa ntchito yake. Ngati mapulagi onse anayi ada mofanana, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana, monga sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, choki chokakamira pa galimoto ya kabureta, kapena sensa imene ikunamiza kompyuta ya injini, mwachitsanzo sensa ya kutentha imene ikunenabe kuti injini ndi yozizira pamene inatentha kalekale. Koma ngati yada imodzi yokha, musavutike ndi sefa, chifukwa sefa singasankhe silinda imodzi n'kusiya zinzake. Fufuzani injekita imene imapopera petulo m'silinda imeneyo, waya wake, koyilo yake, kapena mphamvu imene ikupanikizira mpweya. Pali chinanso chimene eni magalimoto sitikonda kumva, chakuti nthawi zina galimoto ilibe mlandu uliwonse, cholakwika ndi kayendetsedwe kathu. Galimoto imene imangoyenda makilomita awiri kapena atatu n'kuzimitsidwa, kapena imene imalira nthawi yaitali itangoima, sipatsa pulagi mpata wofika pa kutentha kodziyeretsera. Mwayewo ukachuluka umasanduka njira yachidule ya magetsi, moti m'malo modumpha kampata kaja amangotsetsereka pamphuno yakudayo n'kuthera m'chitsulo, silinda n'kukhala chete.

Pulagi ikatuluka yonyowa, kununkhiza kumathandiza kuposa kuyang'ana. Ngati ikununkha petulo ndipo chinyezicho chikuuma chokha pakapita kanthawi, ndiye kuti petulo akufika koma moto sukuyaka, kapena injini yamwa petulo wambiri chifukwa choiliza mobwerezabwereza iyo osalira. Ngati chinyezicho n'chakuda, choterera ndiponso chosauma, ameneyo ndi oyilo, ndipo funso lofunika ndi la malo amene oyiloyo ali. Ndaonapo anthu akugwira m'mutu poganiza kuti injini yatha, pamene oyilo anali pamazinga ndi kumtunda kwa pulagi kokha, nsonga ili youma. Oyilo wotere nthawi zambiri amachokera pa gasiketi ya chivundikiro cha mavavu imene yauma n'kuyamba kudontheza m'dzenje la pulagi, ndipo pomasula pulagiyo amatsetsereka n'kunyowetsa mazinga. Imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Koma oyilo akakhala pansonga penipeni, ndiye kuti akulowa m'chipinda cha moto, mwina kuchokera pansi kudzera pa maringi a pisitoni amene aperepeseka, mwina kuchokera kumwamba kudzera pa timalabala ta mavavu. Utsi wa ku ekizozi umathandiza kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa utsi wabuluu umene umatuluka pongoliza m'mawa kenako n'kusiya umaloza ku timalabala, pamene umene umakula mukaponda mafuta pokwera chitunda umaloza ku maringi. Chigamulo chenicheni chimachokera pa geji yoyezera kompuresheni, kutanthauza mphamvu imene silinda ikupanikizira mpweya. Silinda imene yapezeka yofooka mumaithira timadontho ta oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso: nambala ikakwera kwambiri ndiye kuti atha ndi maringi, ikakhala pomwepo ndiye kuti mpweya ukuthawira ku mavavu kapena pa gasiketi ya hedi, chitsulo chimene chimavundikira masilinda pamwamba.

Oyilo wolowa pang'onopang'ono sanyowetsa pulagi. Amapsa n'kusiya nkhanambo zouma, zotuwa ngati phulusa, zimene zimamera patizitsulo mpaka kuyamba kutseka kampata. Mphuno ikakhala yofiirira ngati njerwa, kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro cha mankhwala othiridwa mu petulo pofuna kukweza octane (mphamvu ya petulo yopirira kupanikizidwa osaphulika yekha), monga MMT amene muli manganese, osati dzimbiri monga ena amaganizira.

Mbali yoopsa kwambiri ya nkhaniyi ndi imene imaoneka yaukhondo. Mphuno yoyera mombuwa ngati choko, yokhala ndi timatuza ting'onoting'ono, limodzi ndi tizitsulo timene taperepeseka msanga kuposa msinkhu wake, zimasonyeza kuti pulagi ikupsa. Mwina petulo akuchepa chifukwa mpweya ukulowera pamalo pong'ambika, injekita yatsekeka kapena pampu ya mafuta yafooka. Mwina moto ukuyatsidwa mofulumira kwambiri. Mwina injini yonse sikuzizira mokwanira. Mwinanso munamangidwa pulagi yolakwika. Zomalizazi n'zofunika kuzifotokoza, chifukwa mawu akuti pulagi yotentha ndi pulagi yozizira amasokoneza anthu ambiri. Mawuwa sanena za ukali wa moto umene pulagi imapereka ayi, koma za liwiro limene imatayira kutentha kwake m'chitsulo cha hedi. Ya mphuno yaitali imasunga kutentha, ya mphuno yaifupi imakutaya msanga. Chosautsa n'chakuti makampani sawerenga mofanana: kwa NGK ndi Denso nambala ikamakula ndiye kuti pulagi ndi yozizira, pamene kwa Bosch ndi Champion nambala ikamakula ndiye kuti pulagi ndi yotentha. Choncho munthu amene amangoloweza nambala imodzi n'kumaifunafuna pa mtundu uliwonse angathe kubwera ndi pulagi imene imalowa bwinobwino pabowo koma ikupsereza injini. Mukaona timadontho takuda kapena tonyezimira tomwazika pamphuno, kapena mphunoyo itasweka, dziwani kuti petulo akuphulika mosalongosoka m'malo moyaka mwadongosolo, ndipo kawirikawiri mwini galimoto amakhala atamvapo kale kaphokoso konga timiyala m'chitini akamakwera chitunda. Timadontho tonyezimirato nthawi zina timakhala aluminiyamu wa pisitoni yeniyeniyo. Tizitsulo tikafika posungunuka, galimoto imeneyo siyenera kuyendanso mpaka gwero lake litapezeka, chifukwa chotsatira chake chimakhala bowo pamutu pa pisitoni.

Nanga pulagi yanga ya nambala 3 inali ndi chiyani? Inali yoyera, koma inalibe timatuza, ndipo kuyera kwake kunafika ngakhale pamkombero wachitsulo umene pa zinzake unali wakuda. Inkaoneka ngati yatsukidwa, ndipo pansonga panali kachinyezi kosanunkha petulo. Achikulire aja anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi madzi a mu redieta mumawonjezera kangati?" Ndinavomera mwamanyazi kuti ndinkathira pang'ono pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo popeza pansi sipankadontha kanthu, ndinkaganiza kuti ndi mmene magalimoto amakhalira. Anawalitsa katochi kakang'ono pabowo la pulagi n'kundionetsa mutu wa pisitoni ya nambala 3 ukunyezimira, pamene ya nambala 2 inali yakuda monga mwa nthawi zonse. Kenako anamanga kapampu pakamwa pa redieta, anapopa, ndipo tinaima n'kumayang'ana muvi wa geji ukutsika pang'onopang'ono popanda dontho lililonse kugwa pansi. Gasiketi ya hedi inali itang'ambika pang'ono pakati pa njira ya madzi ndi silinda yachitatu. Injini ikazimitsidwa, madzi otentha amakhalabe opanikizika kwa nthawi ndithu pamene m'silinda mulibe chowakankha, choncho ankadonthera m'katimo usiku. M'mawa pulagi yonyowayo inkalephera kuyatsa moto mpaka madziwo atatuluka, ndipo nthunzi yake ndi imene inkatsuka pulagi ndi pisitoni tsiku ndi tsiku. Mapulagi atsopano ankathandiza kwa masiku ochepa chifukwa tizitsulo takuthwa timatha kuyatsa moto ngakhale pali kachinyezi, koma pong'ambika paja pankakulirakulira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine ndinali nditasankha mkuyu womwewo pamaso pa amakaniki.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti luso limeneli lili ndi malire ake, ndipo ena amene amalikonda amalikokomeza. Zithunzi zambiri zosonyeza mitundu ya mapulagi zinajambulidwa m'nthawi ya makabureta ndi petulo wothira mtovu, amene ankasiya utoto wooneka bwino pamphuno. Petulo wotereyu anasiya kugulitsidwa kwa eni magalimoto padziko lonse mu 2021, dziko la Algeria litamaliza wake. Injini ya masiku ano, imene kompyuta imaipimira petulo mothandizidwa ndi sensa ya mu ekizozi, imatha kutulutsa mapulagi otuwa moyererako pamene ili bwinobwino. Choncho kuyera pakokha si matenda. Kumakhala matenda pamene pali timatuza, kapena pamene pulagi imodzi yasiyana ndi zinzake. N'chifukwa chake sindikhulupirira munthu amene amatola pulagi imodzi patebulo, osadziwa silinda imene yachokera, n'kuyamba kugamula mlandu wa injini yonse. Komanso pulagi imakumbukira kwambiri zimene zachitika chakumene, moti mukaimasula injini itangolira kwa theka la ola itaima, idzaoneka yakuda kuposa mmene imakhalira pa ulendo wautali.

Kompyuta nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira mu 1996, pamene magalimoto ogulitsidwa ku United States analamulidwa kukhala ndi OBD-II, imene imathandiza kompyuta ya galimoto kunena zovuta zake ndi manambala, njira imeneyi yafala kwambiri, ndipo kachipangizo kowerengera kamatha kukuuzani kuti P0301 ikutanthauza kuti silinda ya nambala 1 ikulephera kuyaka, P0303 ndi ya nambala 3, pamene P0300 ikutanthauza kuti vutolo likudumphadumpha. Zimenezi n'zothandiza, koma nambalayo imangotchula nyumba imene muli maliro, sinena chimene chapha munthu. Pulagi ya silinda imeneyo ikaoneka yabwino, njira yosavuta ndi kusinthanitsa koyilo yake ndi ya silinda yoyandikana nayo: vuto likasamuka limodzi ndi koyilo, mwapeza wolakwa, likatsala pomwepo, yang'anani injekita ndi kompuresheni. Ndipo musazengereze, chifukwa petulo wosapsa amene amatuluka m'silinda yotsimphina amakapsera mu catalytic converter, imene imayeretsa utsi mu ekizozi, n'kuiwononga.

Pali mapulagi ena amene alibe nkhani ina iliyonse kupatula ukalamba. Moto uliwonse umene umadumpha umanyotsola kachitsulo kosaoneka ndi maso, ndipo m'kupita kwa nthawi nsonga yakuthwa imabulungika, kampata n'kukula. Kampata kakakula pamafunika mavolti ochuluka kuti magetsi adumphe, koyilo imavutika, ndipo injini imayamba kudukiza makamaka ikalemedwa. Mapulagi wamba a nickel amatha pafupifupi makilomita 30,000, pamene a platinum ndi iridium amatha kufika 100,000. Iridium sasungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 2,400, n'chifukwa chake kachitsulo kake ka pakati kamatha kukhala kowonda mamilimita 0.4 kapena 0.6 okha, koma kuwonda komweko kumachititsa kuti kathyoke mosavuta mukakakanda ndi burashi yawaya kapena kukakankha poyeza kampata. Musaiwale kuyang'ananso mbali yoyera ya kumtunda, imene imakhala kunja kwa injini. Kamzere kakuda kowonda kotsika m'litali mwake, kooneka ngati kolembedwa ndi pensulo koma kosafufutika, ndi njira imene magetsi adzilambulira kunja, ndipo pamenepo mumasintha pulagi limodzi ndi chipewa chake chalabala, apo ayi chipewa chakalecho chidzajambulanso mzere womwewo pa pulagi yatsopano. Koma kamkombero kabulawuni kozungulira pamene seramiki imakumana ndi chitsulo si umboni wakuti pulagi ikutulutsa utsi, monga ndinkakhulupirira kale. Ndi tinthu ta oyilo ta mumpweya timene magetsi amakokera pamenepo, ndipo sikawononga kanthu.

Pobwezeretsa mapulagi m'pamene anthu ambiri amawonongera ntchito yabwino. Mahedi ambiri masiku ano ndi a aluminiyamu, chitsulo chofewa, choncho pulagi imamasulidwa injini itazizira, ndipo pomanga imayamba kulowetsedwa ndi dzanja lokha mpaka itakhala pansi. Ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, ndiye kuti yapingasa mazinga, ibwezeni muyambirenso. Sipanala imabwera pomaliza, pa mlingo umene buku la galimotoyo lanena. Yomangidwa mosalimba imalephera kutaya kutentha kwake ndipo imapsa, yomangidwa mopitirira imang'amba mazinga. Utali wa mbali yamazinga nawonso uyenera kufanana ndi wa pulagi yoyenera, chifukwa yotalika kwambiri ingathe kugundana ndi pisitoni.

Gasiketi ya galimoto yanga itasinthidwa ndinayenda makilomita pafupifupi 3,000, kenako tsiku lina m'mawa ndinabowola kakatoni kanga ndekha n'kumasula mapulagi onse anayi, manja akunjenjemera pang'ono poopa kugwetsera chinthu m'silinda. Ya nambala 3 inali itatenga mtundu wa katoni wofanana ndi wa zinzake, ndipo madzi a mu redieta anali pamzere womwe anasiyidwa. Ya nambala 1 inkaoneka yoderako pang'ono mbali imodzi ya mphuno. Ndinaijambula ndi foni, ndinalemba makilomita a tsikulo pakakatoniko, ndipo ndidzaimasulanso pa nthawi yosintha oyilo kuti ndione ngati kuderako kukukula.